Nankafumbwe ndi Mkanda Woyamba

Padangokhala, ndipo inu "tili tonse" wanuyo muziyankha chamumtima, m'masiku amene mbalame zinkalima zokha minda, padali Mfumukazi Nkhanga. Mbewu yawo ya khobwe ankaisunga m'chipanda chotseka ndi chitsononkho. Woyang'anira chipandacho adali nduna yawo Khwangwala, uja wovala mpango woyera m'khosi ngakhale popita kukatola zonyansa.

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, Khwangwala adatsekula chipanda kuti aone ngati mbewu ili bwino. Adapezamo fumbi, ndipo pafumbipo padagona kamunthu kakuda, mimba ngati ng'oma, kakuliza mkonono. Ameneyo ndiye Nankafumbwe. Khwangwala adamugwira pakamwa n'kumukokera kubwalo. Nthawi imeneyo kamwa la Nankafumbwe lidali lalifupi ngati la anzake.

Mfumukazi adali pafupi kuikira mazira, ndiye mukudziwa mmene mtima umakhalira nthawi zotere. Ankalakalaka chitambe, masamba anthete a khobwe, pamene mvula idali isanaganize n'komwe zobwera. Atamva za wakubayo sadafune mlandu wautali. Adangoti amuike pa lichero amujomphe.

Nankafumbwe adaona mlomo ukutsika, ndipo bodza lidamutuluka lokha ngati kuyetsemula.

"Zikomo mfumu, idyani ndithu, ndine ndiwo zanu. Kungoti mukhala mwadya kazembe wanu yemwe."

Mlomo udaima m'malere. Nankafumbwe adafotokoza mosaphethira kuti m'kati mwa njere iliyonse muli mudzi wa anthu, kuti anthuwo ndiwo amamanga mizu ndi masamba, ndipo sayamba ntchito asanamve mawu ake. M'chipanda muja ati sadalowe kudzadya ayi, adalowa kudzayendera. Nanga fumbilo? Limenelo ati ndi zinyalala zimene anthuwo adasesa pomulandira.

Khwangwala adaseka mpaka mpango kupendekeka. Koma Mfumukazi, nkhuli itawagwira pakhosi, adatola njere imodzi yonenepa naiponya patsogolo pa wakubayo.

"Ngati amakumvera, kawauze ayambe. Ine ndikufuna chitambe. Chikapanda kutuluka, ndiwo ndiwe."

Nankafumbwe adaboola njere ija n'kulowa, osati kuti akalankhule ndi munthu, koma kuti akabisale aganize bwino. Tsono iye chibadwire ankadya khobwe atatsinzina chifukwa cha kukoma. Tsiku limenelo mantha adamutsekula maso. Adapyola ufa wa m'mbali nafika pakamtima paja, pamene njere imatulutsira muzu, ndipo pamenepo adangoti kakasi. Bodza lake lija lidali litakhala pansi likumudikira.

Mudali tizipinda tambirimbiri, ndipo m'kachipinda kalikonse mudagona amisiri aang'ono kuposa utitiri, awiriawiri, wamkulu ndi wamng'ono. Pakhoma padapachikidwa zingwe zamfundomfundo, pansi padali madengu a mikanda yamitundumitundu, pambali kamba wosungidwa bwino. Onse adali m'tulo kupatula mayi mmodzi wokhala pakhomo, dzanja atafumbata pachifuwa. Mayiyo adati ndi Nachisale, kapitawo wa amisiri, ndipo adafuna kudziwa kuti mlendo woboola khoma m'malo moodira pakhomo ndani.

"Ndine msuweni wanu," adatero Nankafumbwe. "Inenso ndidabadwira m'khobwe. Mchombo wanga udagwera momwemuno."

"Asuweni odya nyumba," adatero Nachisale. "Khalani pansi, koma manja azioneka."

Poti msuweni samanidwa nkhani, kapitawo adamufotokozera. Zingwe zija adazisiya mayi wawo, chomera chimene chidabala njereyo, ndipo mfundo zake zimauza amisiri mkanda woti atunge, uwu pambuyo pa uwu. Mikanda ikatungidwa imapindika n'kusanduka zida: timipeni tochekera kamba, timitsuko totungira madzi, timitengo tomangira muzu. Koma mzere uliwonse umayamba ndi mkanda woyera, ndipo mikanda yoyerayo ndi imene idali m'dzanja la kapitawoyo. Iye asanafumbatule, palibe mmisiri angatunge kanthu.

Nankafumbwe adapempha kuti afumbatule pang'ono pokha, poti kunja kuli mfumu yofuna chitambe ndi munthu wosafuna kudyedwa. Nachisale adayamba kuyimba. Nyimbo yake idali ya mafunso: ankafunsa khoma ngati lanyowa mpaka m'kati, ankafunsa pansi ngati pafunda, ankafunsa khomo ngati mpweya ukulowa, ndipo amisiri ankavomera ali m'tulo, ndi mawu am'mphuno, kuti nthawi idakalipo. Idali yokoma moti Nankafumbwe adagwedezera mutu, kuiwala kuti akumukaniza.

Adatuluka akuseka yekha. Mayiyu akudikira mvula? Basi, mvula aimva.

Adapita kwa Nang'omba, chimbalame cha mawu onjenjemeretsa pansi chija, namunong'oneza kuti kubwalo anthu akuti mawu ake adatha, masiku ano akulira ngati njiwa yodwala. Nang'omba adapsa mtima. Adaima pafupi ndi njere ija natulutsa chimawu choti ndi Mfumukazi omwe adayang'ana kumwamba. Nankafumbwe adathamangira m'kati akudzikutumula ngati wavumbwa, nauza kapitawo kuti kunja sikuli bwino, mabingu okhaokha, afulumire angatsalire anzawo.

Nachisale adangoyimba nyimbo yake ija. Khoma lidayankha kuti lili gwa. Amisiri adatembenukira kwina n'kupitiriza mkonono.

"Asuweni, bingu silinyowetsa," adatero mayiyo. "Kuno sitimvera makutu."

Kubwalo Nankafumbwe adanena kuti anthu ake amva, koma akunola kaye zida. Khwangwala adamugwiranso pakamwa n'kumukoka kuti akumbukire kufulumira, ndipo kamwa lidatalika pang'ono.

Ulendo wachiwiri Nankafumbwe adati madzi enieni ndiwo athetse nkhani. Adauza Khwangwala kuti amisiri sagwira ntchito ya mfumu asanasambe, ndipo mwambo wawo umafuna kuti wowanyamula kupita kosambako akhale nduna. Khwangwala ankadziwa kuti ndi bodza, koma mawu oti nduna adamukomera. Adanyamula njere ndi ulemu wonse naiponya mumtsuko wa madzi akumwa, Nankafumbwe ali m'kati.

Apa zinthu zidasintha. Madzi adalowa, makoma adafewa, amisiri adayamba kudziwongola ndi kuyasamula. Nachisale adayimba, ndipo khoma lidavomera kuti lanyowa ndithu. Koma pansi padayankha kuti pakuzizira ngati mphuno ya galu, ndipo khomo lidati mpweya kulibe, n'madzi okhaokha. Dzanja lija, limene lidayamba kumasuka, lidafumbatanso zolimba.

Nankafumbwe adayesa kukalipa. Adati zengerezu adalinda kwawukwawu, adati mayi wouma mtima chonchi sadamuonepo, adati chibale chanji chosathandizana pa imfa. Nachisale adangomuuza kuti asunthe, wakhalira chingwe.

Njere itavuulidwa mumtsuko, Nankafumbwe adauza bwalo kuti anthu ake asamba, tsopano akudzola mafuta. Khwangwala adakokanso, ndipo kamwa lidatalikiranso.

Tsono munthu akalephera kunamiza mwini nyumba amatsala ndi luso limodzi, lija adabadwa nalo. Njere ikadali yonyowa pa lichero, Nankafumbwe adalowa mwaulemu, nakhala pafupi ndi kapitawo, nayamba kumumvera chisoni. Dzanja limeneli ati latopa, chifumbatire chikolole, bwanji msuweni alisisiteko. Adasisita chala ichi, adasisita icho, akusimba nkhani zoseketsa za mpango wa Khwangwala. Nachisale ataseka, kamkanda koyera kamodzi kadapezeka kali m'tsaya mwa Nankafumbwe. Adatsazika bwinobwino, nazembera kukachipinda kakumapeto, n'kuponya mkandawo pakati pa amisiri.

Zimene adaona kumeneko sadaziiwale. Mmisiri wamng'ono adadzuka, nagwira chingwe kumutu, nayamba kuyenda nacho akupapasa mfundo imodziimodzi, osadumpha, osafulumira. Atafika pa mfundo yoyambira adaima nji. Mkanda woyera udakhala pamalo pake, wamkulu adabwera n'kumukumbatira mnzake chingwe chili pakati, ndipo awiriwo adasanduka ngati munthu mmodzi. Kenaka mikanda idayamba kubwera, wofiira, wakuda, wachikasu, uliwonse panthawi yake, palibe woitana, palibe wolakwitsa. Awiri oyamba asanafike patali, ena adali atagwira kale kumutu kwa chingwe chomwecho. Timipeni tidapangidwa, kamba adachekedwa, kachipinda konse kadadzaza phokoso la ntchito. Nankafumbwe, amene chibadwire sadagwirepo khasu, adapezeka akuwomba m'manja.

Koma kunja dzuwa lidali pantchito yakenso. Njere idayamba kuuma. Amisiri a m'zipinda zina, amene adangoyasamula osadzuka, adabwerera kutulo osavutika. A m'kachipinda kakumapeto adayesa kugona, tulo osabwera. Adapitiriza kutunga, kamba adatha, madzi adatha, manja adayamba kulemera. Nankafumbwe adawauza kuti asiye, apume, zidali zocheza chabe. Palibe adamumva. Adauma ali chigwirire chingwe.

Atacheuka adapeza Nachisale ataima pakhomo. Mayiyo sadatukwane. Adalowa, nachotsa zingwe m'manja mwa akufawo, nazipachika pakhoma.

"Ntchito yathu ilibe pobwerera, asuweni. Wodzuka sagonanso. N'chifukwa chake mlonda amakhala poyambira, osati pothera."

Nankafumbwe adayang'ana akufawo. Adaona kuti akadapambana pa bingu paja kapena mumtsuko muja, mudzi wonse ukadauma chonchi, chitambe osatuluka, iye n'kudyedwa ndithu. Mayi wouma mtima uja ndiye adali atasunga onse, ndi wakuba yemwe.

Nankafumbwe adatembenukira kwa msuweni wake. Kenaka adati sapemphanso kuti ayambe msanga. Angofuna kudziwa chinthu chimodzi: dzanja likafumbatuka, akunja amaona nthawi yomweyo? Nachisale adati ayi. Muzu ndiwo umayamba, ndipo umalowera pansi mobisika. Mutu umatuluka pambuyo, ntchito itapita kale patali.

Kamwa lalitali lija lidayamba kumwetulira.

Adapita kubwalo nanena kuti anthu ake adzola, koma akuti ntchito ya mfumu sagwirira pa lichero ngati ndiwo zosadzula, akufuna nthaka. Njere idakwiriridwa m'mphepete mwa bwalo, Khwangwala adakoka kamwa monga mwa chizolowezi, ndipo masiku adapita Mfumukazi akumeza malovu.

Kenaka kudagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kaja kongozimitsa phulusa la m'tchire n'kupita. Fungo la dothi lidazunguza mitu. Khwangwala, pofuna kuonetsa kuti mbewu sizifuna kazembe, adatenga chimanga chake chonse n'kubzala tsiku lomwelo, akulengeza kuti tsopano wakubayo alibe pothawira: mvula yagwa, chitambe chituluke.

Pansi paja Nachisale adayimba. Pansi padati pafunda, khomo lidati mpweya ulipo, koma khoma lidati lanyowa kunja kokha, m'kati muli gwa. Ulendo uno Nankafumbwe sadanyengerere. Adavomera nawo nyimboyo pamodzi ndi amisiri, ndi mawu am'mphuno, ndipo ndi kamwa limene lija adaimveketsa bwino kuposa onse.

Chimanga cha Khwangwala chidamera, nduna idayenda monyang'wa. Dzuwa lidabwerera, chimanga chidapota masamba, chidagona, chidauma. Khobwe wa Mfumukazi sadaonetse ndi mphuno yomwe. Mfumukazi adati kudikira kwakwana. Nankafumbwe adaikidwanso pa lichero, mlomo udayamba kutsika.

"Zikomo mfumu, idyani. Koma ndifunseko kamodzi: mvula idagwa kapena sidagwe?"

Mfumukazi adati idagwa.

"Nanga khobwe wanu adamera? Sadamere, chifukwa mawu oyambitsa ntchito ine sindidalankhule. Chimanga cha andunawa chidamera osandifunsa. Chili kuti lero?"

Onse adayang'ana Khwangwala, Khwangwala adayang'ana mpango wake. Nankafumbwe adapitiriza modzichepetsa kuti iye imfa saiopa, chimene chikumumvetsa chisoni ndi mbewu zonse za m'dziko, zimene zidzadikira mawu ake mpaka kalekale, mawuwo ali m'mimba mwa mfumu.

Mfumukazi adafunsa kuti tsono bwanji osalankhula lero lomwe. Nankafumbwe adaloza kamwa lake. Adati aone okha mmene andunawa alikokera. Mawu olamula amachokera pamimba, ndipo njira yatalika, akumathera panjira. Mankhwala ake ndi amodzi: kupuma pamthunzi ndi kudya khobwe wouma, pang'onopang'ono, mpaka mphamvu zibwerere.

Ndiye wakuba uja adabwezedwa m'chipanda momwe adamugwira, ndipo womunyamula, n'kumutsekulira chitsononkho m'mawa uliwonse kuti akayendere anthu ake, adali Khwangwala. Mfumukazi ankatumiza mafunso kuti mawu afika pati. Yankho linkabwera kuti afika pachifuwa, kenaka pakhosi, kenaka abwererako pang'ono chifukwa nduna idamuyang'ana moopseza.

Mvula yeniyeni itabwera, ija yogwa osapumira mpaka nthaka kukhuta, Nankafumbwe adali kale pansi, pambali pa msuweni wake. Nachisale adayimba. Khoma lidati lanyowa mpaka m'kati. Pansi padati pafunda. Khomo lidati mpweya ukulowa. Adayimbanso kachiwiri, poti iye sakhulupirira yankho limodzi, ndipo mayankho sadasinthe. Amisiri sadavomerenso zam'mphuno zija. Adali atakhala tsonga, maso ali pa dzanja. Zala zidatambasuka chimodzichimodzi, mikanda yoyera idagubuduzika kulowa m'zipinda zonse, ndipo mudzi wonse udagwira zingwe kumutu. Kachipinda kakumapeto kokha ndiko kadali chete. Nankafumbwe adakayang'ana kamodzi, nayang'ana kumbali.

Adadikira muzu utsike, adadikira khosi la mbewu lipindike pansi pa dothi, lingotsala pang'ono kuboola. Pamenepo adatuluka, natumiza Khwangwala kukaitana bwalo lonse, ati mawu afika pamlomo. Mbalame zidasonkhana. Nankafumbwe adazungulira malo aja mwachifatse, adatsokomola, adapempha madzi, adadandaula kuti ena akupuma mokweza. Ataona dothi likuyamba kung'aluka, adakweza kamwa lake lonse.

"Anthu anga, yambani!"

Dothi lidasuntha, ndipo kamutu kobiriwira kadasuzumira kunja. Nang'omba adagwa chagada. Mfumukazi adavina mpaka nthenga kuthothoka m'mutu, ndipo sizidamerenso. Chitambe chitakula adadya mpaka kuiwala kuti adafunapo kudya munthu, ndipo adalamula kuti kuyambira tsiku limenelo kazembe azikhala m'nkhokwe, pafupi ndi anthu ake, wina asamamufunse chimene akuchitamo.

Madzulo a tsiku limene mbewu idamera Nankafumbwe adatsikira pansi kukatsazika. Adapeza Nachisale ali kalikiliki, manja onse awiri ali pantchito. Mayiyo adafunsa kuti kunja kudali phokoso lanji masana.

"Ndimakulamulani kuti muyambe, asuweni."

"Mwachita bwino kutiuza," adatero Nachisale osacheuka. "Tikadaiwala."

Nankafumbwe adafunsa kuti athokoze ndi chiyani. Kapitawo adati msuweni wodya nyumba sangasiye kudya nyumba, zimenezo iye sapempha n'komwe. Ufa wa m'mbali azidya. Koma akafika pakamtima, pamene pakhala mayi wofumbata dzanja, azitsekula maso, azilambalala.

Pa malonjezo onse amene Nankafumbwe adapanga chibadwire, ndi limeneli lokha adasunga. Ndiye mukadzapeza khobwe wobooka m'chipanda musadzafulumire kutaya. Kabzaleni mvula itakhazikika, mudzaona akumera, chibowo chili pambali.

Yanga yathera pompa. Amene anatereka khobwe akaonjezere madzi, angapserere.